Cizindikiro ca Dziko la Zambia

Mwana wa ku Bauleni akagula vitumbuwa pa msika, amalipira ndi ndalama ya citsulo. Pa ndalamayo pali cizindikiro ca dziko la Zambia. Cinayamba kugwira nchito pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene dziko linalandira ufulu.

Pamwamba pali nkhwazi, mbalame ya ufulu. Khasu ndi piki zionetsa ulimi ndi migodi. Mizere yoyera pa cishango ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Mwamuna ndi mkazi agwira cishangoco pamodzi. Pansi pali cimanga, mbidzi ndi buku.

Mau olembedwapo aphunzitsa umodzi. Ku Bauleni kukhala Ansenga, Abemba, Atonga ndi Asoli, koma onse ndi mtundu umodzi.