Kodi Mankhwalawa Sakuyanjadi?

Ana inu, mwina munamvapo amayi akuuza adokotala kuti, "Mwanayu makapisozi samuyanja, amatuluka nawo ziwengo." Mawu amenewa amamveka pa chipatala cha St Peter's pano pa Likoma monganso m'zipatala za kumtunda, ndipo adokotala akawamva amasintha mankhwala. Koma kodi makapisoziwo ndiwo amalakwadi nthawi zonse?

Tiyambe tawadziwa mankhwalawo. M'chaka cha 1928, ku London, Alexander Fleming anapeza nguwi itamera m'kambale momwe ankasungira mabakiteriya. Atayang'anitsitsa anaona kuti mabakiteriya oyandikana ndi nguwiyo afa. Penisilini anachokera pamenepo. Amoxicillin, makapisozi amene ambiri a inu munamwapo mutadwala chibayo kapena khutu, ndi wa m'banja lomwelo.

M'thupi mwanu muli chitetezo chimene sichigona, chimalondera usana ndi usiku. Nthawi zina chimachita ngati galu amene akuuwa amalume obwera ndi nsomba, powayesa wakuba. Chikawaona mankhwala ngati mdani, khungu limayabwa ndi kutuluka ziwengo. Kwa anthu ochepa zimafika poopsa: milomo ndi nkhope zimatupa, mpweya umabanika. Zikatero palibe kudikira kuti kuche, ndi kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo.

Chodabwitsa nachi. M'mayiko monga America ndi Britain, pafupifupi munthu mmodzi pa anthu 10 alionse amati penisilini samuyanja. Koma madokotala akawayeza anthu otere, pafupifupi 9 mwa 10 amapezeka kuti angathe kumwa popanda vuto.

Zimatheka bwanji? Taganizani za mwana amene watentha thupi Lolemba. Wayamba kumwa mankhwala, ndipo pofika Lachinayi zidzolo zadzaza pamimba ndi pamsana. Aliyense amaloza botolo la mankhwalawo. Komatu mavairasi ambiri amene amadwalitsa ana amatulutsa zidzolo paokha, mwana amwe mankhwala kapena asamwe. Ana ena amangochita nseru kapena kutsegula m'mimba, zomwe ndi zosautsa ndithu koma si ziwengo. Enanso anali ndi vutolo zoona ali aang'ono, koma patapita zaka zambiri thupi linaleka kulimbana ndi mankhwalawo.

Poyeza, adokotala amayamba ndi mafunso. Zidzolozo zinkaoneka bwanji? Zinatuluka patapita mphindi zochepa kapena masiku? Mwana anatupa? Akaona kuti zinali zazing'ono, amam'patsa mwanayo mankhwala omwewo pang'ono, ali m'chipatala momwemo, n'kumuyang'anira kwa ola limodzi kapena kuposerapo, jakisoni wa adrenaline ali pafupi. Akapita kunyumba, makolo amapitiriza kuyang'ana khungu kwa masiku angapo. Koma mwana amene khungu linasupuka, kapena anatuluka zilonda m'kamwa ndi m'maso, monga zimachitikira anthu ena ndi mankhwala a Bactrim, ameneyo sayesedwanso. Mankhwalawo amawasiya moyo wake wonse.

Makolo ambiri akamva za kuyezaku mtima umagunda, ndipo ine sindiwaona olakwa. Amene anagona maso usiku wonse mwana wake akudzikanda safuna kuonanso zomwezo. Pachilumba mantha amakula, chifukwa zinthu zikavuta kwambiri chipatala chachikulu chili kutsidya, ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, ndipo mwera ukalusa nyanja siwolokeka. Wa ku chilumba cha Chizumulu ndiye ayambe wafunafuna boti kuti angofika pa Likoma. Choncho amayi akati, "Ayi, musamuyese mwana wanga," ndi chikondi chikulankhula.

Komabe alipo makolo ena amene amafuna kudziwa zoona zake, ndipo maganizo awo ndimagwirizana nawo. Mwana akalembedwa molakwa kuti penisilini samuyanja, amamanidwa mankhwala otchipa komanso othandiza kwambiri pa chibayo. Olowa m'malo mwake nthawi zambiri amakhala odula, ena amavutitsa m'mimba, ndipo kuno komwe katundu amadikira sitima ya Ilala si nthawi zonse angapezeke msanga. Kugwiritsa ntchito mankhwala amphamvu popanda chifukwa kumathandizanso mabakiteriya kuzolowera mpaka kusamva mankhwala. Makolo otere angafunse adokotala ngati mwana wawo ali woyenera kuyezedwa, komanso komwe angakayezetse.

Inu ana, musadzayese nokha kunyumba, ngakhale kapisozi mmodzi, ngakhale mnzanu atakuuzani kuti iye anamwa osamva kanthu. Mukamamwa mankhwala n'kumva kuyabwa kapena kuona zidzolo, uzani wamkulu msanga. Ngati pakhomo pali foni, ajambule zidzolozo zisanazimirire. Mukapita kuchipatala mutenge botolo kapena kapepala ka mankhwalawo, ndipo mupemphe kuti dzina lake, tsiku ndi zomwe zinachitika zilembedwe m'buku lanu la kuchipatala.