Chidyerano Chimalimba Powerenga Poyera

Kale m'midzi ya Achewa, kuphatikizapo ya kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala muno m'boma la Chadiza, nsima sinkadyedwa mobisa. Nyumba iliyonse inkaphika, koma mbale zinkapita kumphala kumene abambo ndi anyamata ankadyera pamodzi, amayi ndi atsikana nawonso n'kusonkhana paokha. Ndicho chidyerano. Mwana wamasiye, nkhalamba yopanda woiphikira ndi mlendo wodutsa ankasamba m'manja ngati wina aliyense, ndipo nyumba yosowa ndiwo tsiku limenelo sinkachita manyazi.

Ife tili ndi chidyerano chathu. Ophunzira amadya za mumphika umodzi, ndipo ambiri akabwerera kwao amalowa m'magulu a ulimi amene amaphika pamodzi popalira, pokolola ndi pa misonkhano. Taona kuti chimene chimapasula magulu otere kawirikawiri si njala ayi, koma kung'ung'udza: wina akuti ndimasonkha kwambiri, wina akuti ndimaphika ndekha. Ngakhale mpingo woyamba wa ku Yerusalemu unakumana nazo. Chaputala 6 cha Machitidwe chimasimba za dandaulo lakuti amasiye ena ankaiwalika pogawa chakudya, ndipo yankho lake linali kusankha anthu 7 oyang'anira ntchitoyo. Chikondi chinalipo, koma chinafunikira dongosolo.

Dongosolo limayamba ndi muyeso. Gulu liyese ufa umene likuphika kwa sabata yathunthu lisanagwirizane za msonkho. Tiyerekeze kuti anthu 20 amatha makilogalamu 10 a chimanga patsiku. Ndiye kuti thumba la makilogalamu 50 litha m'masiku 5, pamwezi pafunika matumba 6, ndipo pachaka matumba 72. Amene aphika mgaiwa chimanga chao chimakhalitsa kuposa okonola, pakuti gaga satayika. Chiwerengero chimenechi chidziwike pokolola, mu Meyi kapena Juni, nkhokwe zikali zodzaza ndi mitima ikali yofewa. Kupempha chimanga mu Januwale ndiko kuyambitsa mkangano.

Chachiwiri ndi kuzindikira kuti zosonkha zili mitundu itatu: mbewu, ndalama ndi ntchito. Chimanga, nyemba, nshawa, maungu ndi mfutso zimachokera kumunda. Mchere, saladi, sopo, kapenta ndi malipiro a kuchigayo zimafuna kwacha. Kutola nkhuni, kutunga madzi, kuphika ndi kutsuka mbale kumafuna manja. Gulu ligwirizane kuti meda imodzi ya nshawa ikufanana ndi ndalama zingati, ndi kuti tsiku limodzi lophika likulowa m'malo mwa chiyani. Pamenepo wopanda ndalama asonkha thukuta lake, ndipo adzadya mutu uli m'mwamba. Mitengo imasintha, choncho mgwirizanowo uunikidwenso pakapita miyezi itatu iliyonse.

Pamenepa tisaiwale amayi. M'chidyerano chakale ntchito yonse ya pamoto inali yao, ndipo palibe ankaiwerengera. Lero mayi amalima, amaphunzira ndi kusonkha mofanana ndi bambo. Si chilungamo kuti akachoka kumunda iye yekha akagwire mthiko. Mndandanda wa ophika ukhale ndi maina a onse, ndipo upachikidwe pamene aliyense angauone.

Chachitatu ndi kusunga. Wosunga kiyi wa nkhokwe asakhale yemweyo wosunga buku, ndipo wosunga buku asakhale wosunga ndalama. Chilichonse cholowa ndi chotuluka chilembedwe tsiku lomwelo, bukulo liziwerengedwa mokweza pamaso pa onse kamodzi pamwezi. Uku si kukayikirana, koma kuteteza mbiri ya osankhidwawo. Chimanga chiume bwino chisanalowe m'matumba, matumbawo asakhudze pansi, chifukwa anankafumbwe ndi chuku zimadya gawo la onse popanda kusonkha kanthu.

Chomaliza ndi gawo la osayembekezeka. Pa matumba 10 alionse, gulu lingapatule limodzi la odwala, alendo, maliro ndi banja limene munda wake wakanika. Tonse tikukumbukira chilala chimene chinachititsa Pulezidenti Hakainde Hichilema kulengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti dziko lili pa tsoka. Chaka chotere chimagwetsa wakhama ndi waulesi yemwe. Gulu limene linapangana kale za wolephera kusonkha silimuthamangitsa pamphika: limalemba ngongole yake mwaulemu, iye n'kudzabweza akakolola kapena kugwira ntchito m'dimba la gulu. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika.

Makolo athu sankasowa buku chifukwa anali pachibale, ndipo aliyense ankaona nkhokwe ya mnzake. Magulu athu alero amasonkhanitsa anthu a midzi, mitundu ndi mipingo yosiyana, amene kudziwana kwao n'kwa dzulodzulo. Buku, muyeso ndi mndandanda zimagwira ntchito imene ubale unkagwira. Tikupempha ophunzira athu akale amene akutsogolera magulu kuti nyengo yokolola ikubwerayi akhale pansi ndi anzao, awerenge matumba, agawane masiku ophika, asankhe osunga, mvula isanagwe ndi nkhokwe zisanayambe kupepuka.