Mphini zatsopano ku Chiuta: singano ndi ya ndani?

Pa tsiku la msika m'mbali mwa nyanja ya Chiuta, kumbali ya Mozambique, pakhungu la anthu pamaoneka mibadwo iwiri. Agogo ogulitsa makumba ndi milamba youma ali ndi timizere takuda pamphumi ndi m'masaya, tofifira ndi zaka. Mnyamata wa kabaza amene wawatsitsira dengu ali ndi mutu wa mkango pamkono, kapena dzina la mayi ake. Agogowo amati tatuu ya mnyamatayo ndi uchitsiru wa pa foni. Mnyamatayo amati mphini za agogo ndi zachikale. Koma onse awiri anapereka khungu lawo kwa munthu wogwira chinthu chakuthwa, ndipo nkhani yagona pa munthu ameneyo.

Kulemba pathupi sikunabwere ndi Facebook kuno. M'boma la Mecanhelas mumakhala Alomwe, Amakua, Ayao ndi Anyanja, ndipo onsewa ankadziwa kutema mphini, zina zokongoletsa, zina zosonyeza mtundu, zina zolowetsera mankhwala. David Livingstone atatsata mtsinje wa Rovuma mu 1866, paulendo umene unamufikitsa kwa mfumu Mataka ku Mwembe, analemba kuti Amakua ankazindikirika ndi chizindikiro chonga mwezi pamphumi. Amakonde a ku Mueda anafika nalo patali lusoli: mmisiri ankacheka khungu ndi kampeni n'kupakamo makala osinja, mpaka nkhope yonse kudzala mizere yolukana. Amishoni anadana nazo, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1975 boma la Frelimo nalo linaziona ngati zotsalira. Mwambowo unazilala.

Chimene chinapita nawo limodzi ndi kudziwana. Wotema mphini anali munthu wa pamudzi, wodziwika kwa amalume ndi anankungwi. Bala likavuta, anthu ankadziwa khomo loti akagogode. Sikuti lumo lake linali laukhondo, ayi, poti limodzi lomwelo linkayenda pa anthu ambiri. Koma lero mnyamata amatha kuvula malaya pamaso pa mlendo amene wabwera ndi kachikwama tsiku la msika, mawa lake osaonekanso.

Malo enieni ojambulira tatuu, okhala ndi makina ogula ndi singano za m'mapaketi, amapezeka m'mizinda ikuluikulu ngati Nampula kapena Blantyre. Kuchoka ku Chiuta ndi ulendo: mpaka ku Insaca, kenako Cuamba, kapena kuoloka malire pa Entre Lagos ndi Nayuchi. Thiransipoti yokha imatha ndalama ya nsomba za masiku angapo, n'chifukwa chake ambiri amathera pa makina opanga pamanja. Kamota kochotsa mu wailesi yakufa amakamangirira ndi tepi ku chubu cha bolopeni, mkati n'kulowetsamo singano yosokera kapena waya wonola, mphamvu n'kuchokera ku batire. Inki ndi ya bolopeni yomweyo, kapena mwaye wosungunula. Wojambulayo akamaliza ndi woyamba amapukuta singano ndi kansalu konyowetsa sipiriti, wachiwiri n'kukhala pa benchi.

Apa ndi pamene ndimada nkhawa. Kuti tatuu ikhalitse, singano imayenera kupyola khungu la pamwamba n'kusiya inki mkati pafupifupi mamilimita 1 mpaka 2, pamene pali timitsempha ta magazi. Ambiri amaopa HIV, ndipo sakulakwa, koma kachilombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B ndi kamene kamafala mosavuta kudzera mu singano. Kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7, ngakhale m'magazi ouma osaoneka ndi maso, ndipo kupukuta ndi sipiriti sikokwanira. Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu pafupifupi 254 miliyoni padziko lonse anali ndi kachilomboka, ndipo 65 miliyoni mwa iwo anali a m'chigawo cha Africa. Ambiri sadziwa n'komwe, poti chiwindi chimawonongeka mwakachetechete kwa zaka. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda ku Mozambique ndi ku Malawi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, koma amene anabadwa kale, kapena amene sanamalize sikelo, alibe chitetezo chimenechi. Hepatitis C ilibe katemera.

Safunsa anadya phula. Wojambula wodziwa ntchito yake sakwiya mukamuuza kuti, achimwene, tsegulani paketi ya singano ndikuona. Amasamba m'manja, amavala magolovesi atsopano, amathira inki pang'ono m'kachibekete kotaya akamaliza, osati kumaviika singano m'botolo lalikulu. Zitsulo zogwiritsanso ntchito amaziphika m'makina a nthunzi otentha madigiri 121, onga a kuchipatala. Mupempheni akuonetseni ntchito yake itapola, chifukwa chithunzi cha tsiku loyamba chimanyenga: pakhungu lakuda timizere tothithikana timadzasanduka chibanthu chimodzi, ndipo mitundu yowala imazimirira. Amene thupi lake limatulutsa zipsera zotupa, zija zimamera pakhutu munthu akabooletsa, ayambe wafunsa kuchipatala. Wojambula amene wavomera kulemba mwana wa sukulu kapena munthu woledzera, muthaweni.

Pali vuto lina limene wojambula wa mu tauni sangaliganizire. Tatuu yatsopano ndi bala, ndipo imafuna milungu iwiri mpaka inayi kuti itseke. Nthawi yonseyo siyenera kuviikidwa m'madzi. Nanga msodzi wa pa Chiuta, nyanja yosaya ya matope ndi mabango, amene amakankha bwato madzi ali m'chiuno m'bandakucha uliwonse? Ngati sangathe kusiya maukonde kwa milungu imeneyo, ndi bwino adikire. Balalo limafuna sopo, madzi owiritsa ndi chovala choyera, osalikanda, osasenda nkhanambo. Likayamba kutentha, kutuluka mafinya, kapena munthu akamva malungo, ulendo ndi wa kuchipatala tsiku lomwelo, osati kupaka phulusa kapena kapisozi wotsegula.

Kunyumba nako nkhani siithera pakhomo. Mashehe ambiri amaphunzitsa kuti tatuu ndi haramu, ndipo abusa ena amatchula Levitiko 19:28. Wachinyamata amene akudziwa kuti adzafuna kufunsira mbeta m'banja lopemphera angachite bwino kuganiza kawiri za malo oika chithunzicho, makamaka pakhosi ndi padzanja pamene malaya safika.

Ovutika kwambiri ndi amene analembetsa dzina la chibwenzi. Chikondi chikatha, kufufuta bwino kumafuna makina a laser, maulendo angapo, ndi ndalama zoposa zimene analipira pojambulitsa. Ena amataya mtima n'kuthirapo asidi wa batire kapena kuwotcha ndi supuni yamoto. Dzinalo limatha kuchoka, koma pamatsala chipsera chachikulu kuposa dzinalo, ndipo nthawi zina chilonda chosapola msanga.