Bambo a ku England, mayi a ku Wales: mwanayo ndi wa kuti?

Ana anga, senderani pafupi, azakhali anu ndabwera ndi funso. Tayerekezani mwana amene bambo ake ndi a ku England, mayi ake a ku Wales. Kwawo kwa mwanayu n'kuti? Konseko ndi kwawo!

Zitheka bwanji? Tiyeni tiwerenge ndi zala. England, Wales, Scotland, Northern Ireland. Zakwana zinayi eti? Maiko anayiwa ali mu ufumu umodzi wotchedwa United Kingdom. England ndi Wales ndi oyandikana. Anthu amangodutsa pamalire, palibe wowafunsa chiphaso.

Ndiye mwanayu ali ndi mapasipoti awiri? Ayi, imodzi yokha. Pasipoti ya England kulibe, ya Wales kulibenso. Iye, bambo ake ndi mayi ake, onse ndi nzika za Britain, kutanthauza United Kingdom uja.

Nanga mumtima amadziona ngati wa kuti? Apa mpamene pamandisangalatsa. Pa kalembera wa mu 2021, anthu a ku England ndi Wales anafunsidwa funso lomweli. Papepala panali timabokosi: wa ku England, wa ku Wales, wa ku Britain, ndi tina. Ndipo munthu ankaloledwa kuchonga tiwiri kapena titatu! Ine ndimaona kuti anaganiza bwino. Mwana asamauzidwe kuti asankhe pakati pa mayi ndi bambo ake.

Kusukulu amayankhula chiyani? Zimatengera kumene akukhala. Ku London amaphunzira m'Chingelezi. Ku Cardiff, likulu la Wales, amaphunziranso Chiwelishi mpaka atakwanitsa zaka 16. Zikwangwani zam'misewu ya ku Wales zimalembedwa m'zilankhulo ziwirizi.

Palibe pamene amayenera kusankha? Palipo: pa mpira! England ili ndi timu yake, Wales nayonso yake. Wosewera mpira wina, David Brooks, anabadwira ku Warrington, ku England, koma mayi ake ndi a ku Wales. Ali mnyamata anasewerera timu ya achinyamata ya England. Kenako anasankha kwawo kwa mayi ake, n'kuvala malaya ofiira a Wales. Mu 2022, ku Qatar, matimu awiriwa anakumana pa mpikisano wa chikho cha dziko lonse. England inapambana 3 kwa 0. Tangoganizani m'nyumba ya mwana wathu uja tsiku limenelo. Bambo akudumpha, mayi agwira tsaya. Inu mukanakhala pafupi ndi yani?

Mbendera zawo n'zofanana? Ayi ndithu. Ya England ndi yoyera, ili ndi mtanda wofiira. Ya Wales ndi yoyera kumwamba, yobiriwira kumunsi, ndipo pakati pali chinjoka chofiira chamapiko, chamiyendo inayi, lilime lili panja! Tengani pepala mujambule zonse ziwiri. Yambani ndi mtanda, suvuta. Chinjokacho muchijambule mofatsa, musaiwale mchira wake wopindika.