Gitala Yolakwika Imene Inamutukula Hank Marvin

Mukanakumana naye mu 1958, simukanamuyang'ana kawiri. Kanali kamnyamata kowonda ka zaka 16, ka magalasi okhuthala mafelemu, kongofika kumene mu London kuchokera ku Newcastle limodzi ndi mnzake wa kusukulu, Bruce Welch. Makolo ake anamutcha Brian Rankin, koma iye anadzipatsa dzina la Hank Marvin kuti lizimveka lachimereka. M'thumba munali mbee. Usiku ankaimba m'chipinda chapansi cha 2i's, malo omwera khofi ku Soho, kumene achinyamata ankathinana ngati usipa m'thumba.

Kuimba anayambira pa banjo, kenako anagwira gitala ya Höfner, mpaka anafika pa Antoria yopangidwa ku Japan. Zala zinali zakuthwa ndithu, koma akakhwacha nsambo sizinkatuluka monga ankamvera m'mbale za ku America. Chifukwa chake chinali chodziwika. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, boma la Britain linkaumira ndalama zakunja, ndipo linatsekereza katundu wambiri wa ku America, zida zoimbira zomwe. Gitala ya Fender m'sitolo munalibe. Anyamata ankangoimezera malovu pachikuto cha mbale ya Buddy Holly ndi gulu lake la The Crickets, yomwe inatuluka mu 1957.

Kumapeto kwa 1958 Hank ndi Bruce analembedwa ntchito yoimbira Cliff Richard, mnyamata mnzawo amene anali atayamba kale kutchuka. Chaka chotsatira Cliff, poona kuti ndalama zayamba kulowa, anaganiza zomugulira woimba wake chida chenicheni. Onse ankagomera James Burton, yemwe ankaimbira Ricky Nelson. Anali atamva kuti Burton amaimba Fender, koma mtundu wake sankaudziwa. Anaitanitsa kabuku ka zithunzi za magitala kuchokera ku California, nakhala pansi kukatsegula tsamba ndi tsamba. Nzeru yawo inali yachidule: katswiri ngati ameneyo sangagwire yotchipa. Basi analoza yodula kuposa zonse, Stratocaster yofiira, ya zitsulo zokutidwa ndi golide.

Apa m'pamene nkhaniyi imandiseketsa. James Burton ankaimba Telecaster, gitala yosavuta, ya thupi ngati thabwa lodulirapo nyama. Anyamata aja anaphonya. Koma ndi kuphonya kotani kumeneku, kofuna mbewa n'kugwira gwape!

Bokosi litafika, anatsegula. Mkati mwake munali moyalidwa nsalu yofewa yofiira, ndipo pamwamba pake panagona chinthu chofiira psuu, khosi lake la thabwa loyera la timadontho, golide ali waliwali. Hank wakhala akufotokoza kuti chinkaoneka ngati chagwa kuchokera kumwamba. Anthu ambiri amati iyi ndiyo inali Stratocaster yoyamba kukhala ya munthu wa ku Britain.

Kukongola kunali chiyambi chabe. Leo Fender, amene anatulutsa gitalayi ku Fullerton mu 1954, sanali woimba ayi. Anali wokonza mawailesi, munthu womvetsera madandaulo a oimba n'kukawathetsa ndi macheka. Oimba ankati m'mphepete mwa gitala mumawabaya m'nthiti, ndiye thupi lake analisema kuti lizikhala bwino pamimba ndi pamkono. Kumunsi kwa khosi anadula mbali zonse ziwiri kuti zala zizifika pa mawu okwera popanda kulimbana. Pansi pa nsambo anaika mapikapu atatu m'malo mwa awiri, timaginito tokulungidwa ndi waya timene timatola kunjenjemera kwa nsambo n'kukutumiza ku ampulifaya. Ndiye panali kandodo kachitsulo kolendewera pafupi ndi dzanja lamanja. Ukakadinikiza, nsambo zonse zisanu ndi imodzi zimakhwefuka pang'ono, mawu n'kutsika, ukakasiya, amabwerera.

Kandodo kameneka ndi kamene kanamupanga Hank. Anazolowera kukapanira m'dzanja nthawi yonse akuimba, n'kumakagwedeza pang'onopang'ono kumapeto kwa liwu lililonse, mpaka gitala inayamba kulira ngati munthu. Anawonjezerapo kabokosi ka Meazzi ka ku Italy, kobweza mawu ngati ukukuwa m'phanga, ndi ampulifaya ya Vox. Ankafuna kumveka ngati James Burton, koma chimene chinatuluka sichinafanane ndi munthu aliyense. Chinali chakechake.

Gulu lawo, limene poyamba linkatchedwa The Drifters, linasintha dzina kukhala The Shadows. Ali paulendo wokaimba, wopeka nyimbo Jerry Lordan anawaimbira kanyimbo kena pa ukulele. Mu Juni 1960 anakajambula ku Abbey Road, kopanda mawu a pakamwa ngakhale amodzi, gitala yokhayokha ikutsogolera. Dzina lake "Apache". Cliff mwiniwake anathandiza kuimba ng'oma koyambirira kwa nyimboyo. Pofika Ogasiti inali pamwamba pa nyimbo zonse zogulidwa mu Britain, ndipo inakhala pamenepo milungu isanu. Nanga inachotsa ya yani pampandopo? Ya Cliff Richard yemweyo, "Please Don't Tease". Bwana anagula yekha mkondo umene unamutsitsa, ndipo otsitsawo anali antchito ake omwe.

Kamnyamata kosayang'anidwa kawiri kaja tsopano kanali pa kanema, mu suti, magalasi omwe aja, kumwetulira mpaka m'makutu, miyendo ikuponda sitepe limodzi ndi anzake. Anyamata a dziko lonse anayamba kulota gitala yofiira. Mmodzi wa iwo anali Mark Knopfler, wokulira dera lomwelo la Newcastle. Bambo ake sakanakwanitsa kugula Fender, choncho anamugulira Höfner yofiira ya mapaundi 50. Ndalama za ampulifaya panalibe, ndiye mwana analumikiza gitala ku wailesi ya pakhomo, wailesi n'kupsa. Stratocaster yake yoyamba anadzaigula mu 1977. Anali ndi nyimbo imene iye mwini ankaiona yozizira, koma atangoiyesa pa gitala yatsopanoyo inadzuka. Nyimboyo ndi "Sultans of Swing", imene inadziwitsa gulu la Dire Straits dziko lonse.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Hank ndi anzake aja akanakhala ndi chithunzi chimodzi chokha cha James Burton, akanagula yolondola, yopanda kandodo, ndipo Hank akanangokhala wotsanzira wabwino. Gitala yolakwika ija ikadalipo mpaka lero, ndipo amene amaisunga ndi Bruce Welch.