Zida zimene sizinalawepo thabwa

Ku Netley Marsh, kamudzi kamene kali pafupi ndi mzinda wa Southampton ku England, kuli likulu la bungwe la Tools for Self Reliance. Kwa zaka zoposa 40 bungweli lakhala likutolera zida zakale za amisiri. Anthu ongodzipereka, ambiri mwa iwo opuma pantchito, amazichotsa dzimbiri, kuzinola, kuziika mipini yatsopano, kenako n'kuzilongedza m'mabokosi opita ku Malawi, Zambia, Uganda, Ghana ndi Sierra Leone. Ku Chesham kuli bungwe lina lotere lotchedwa Workaid, ndipo ku Ipswich kuli Tools with a Mission. Kalipentala amene analandirapo puleni yolembedwa Stanley kapena Record atamaliza maphunziro a zaumisiri, n'kutheka kuti inadzera njira imeneyi.

Zida zambiri zotere zimachokera m'timashedi ta kuseri kwa nyumba ndi m'magalaja, mwini wake akakalamba kapena akamwalira, ana n'kusowa nazo chochita. Mukatsekula kashedi kotere mumapeza zida zamitundu iwiri. Pali zochepa zimene mipini yake inachita kuda ndi thukuta, chitsulo chake chinafupika chifukwa cha kunola. Ndiye pali gulu lalikulu lija la m'madilowa ndi pamashelefu apamwamba, zina zikadali m'mapepala amene anagulira, mafuta a kufakitale asanapukutidwe n'komwe. Mwa amisiri onse a matabwa, amene amatchuka ndi gulu lachiwirili ndi osema mozunguza pamakina a lathe, ndipo iwo eni amasekana nazo m'makalabu mwawo.

Lusoli n'losavuta kulifotokoza. Mtengo umamangidwa pamakina n'kumazungulira, mmisiri n'kugunditsapo tchizulo chimene wachitsamiritsa pachitsulo chopingasa. Chilichonse chobulungira chimatuluka pamenepo: miyendo ya tebulo, mbale, zoikapo makandulo, mipini, tizidole ta chess timene alendo amagula m'misika ya ziboliboli. Ndi luso lakalekale. M'manda a Petosiris ku Egypt, a zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, muli chithunzi cha anthu awiri, wina akukoka chingwe chozunguza mtengo, mnzake atagwira tchizulo. M'nkhalango za Chiltern pafupi ndi High Wycombe, amisiri ankapanga miyendo ya mipando m'tchire momwemo mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1900. Makina awo anali mtengo wautali wopindika, chingwe, ndi thabwa lopondapo ndi phazi. George Lailey wa ku Bucklebury, amene anamwalira mu 1958, anakhala moyo wake wonse akusema mbale pamakina otere, opanda magetsi. Ndi zitsulo zake zangowe ankatulutsa mbale zingapo m'chipika chimodzi, ina m'kati mwa inzake, kuti mtengo usapite pachabe. Makina akewo akusungidwa ku Museum of English Rural Life mumzinda wa Reading.

Ngakhale lero, bokosi la munthu woyamba kuphunzira limene makampani a ku Sheffield monga Robert Sorby amagulitsa limakhala ndi matchizulo asanu ndi limodzi. Chachikulu chokumba n'chochotsera ngodya kuti thabwa libulungire. Chokumba chaching'ono n'chojambulira mizere ndi timapiri pamiyendo ya mipando. Chokumba chakuya n'chosemera mbale. Pali chopendekera kumano chimene amachitcha skew, chosalazira, pali chodulira, ndi chopalira. Onjezanipo chonolera, ndi chotchinga kumaso kuti chipika chikathawa chisakuchotseni mano. Ndi zimenezi munthu akhoza kudyetsa banja mpaka kukalamba.

Nanga madilowa aja anadzaza bwanji? Chimene chinasintha ndi munthu woima pamakina. Mafakitale atayamba kupanga miyendo ya mipando ndi makina odziyendera okha, ndiponso mbale zapulasitiki zitafala, kusema mozunguza kunatsala pang'ono kutha ngati ntchito yolembedwa. Kunadzukanso m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ngati luso lokongoletsa ndiponso chotayitsa nthawi. Bungwe la American Association of Woodturners linakhazikitsidwa mu 1986, la ku Britain, Association of Woodturners of Great Britain, mu 1987. Ambiri olowa m'makalabu amenewa ndi abambo opuma pantchito, a penshoni m'thumba, amene ayamba lusoli tsitsi litachita kale imvi. Mnyamata wophunzira kwa mmisiri ali ndi zaka zambiri koma alibe ndalama. Mkulu wapenshoni ali ndi ndalama koma sakufuna kudikira zaka zitatu kuti dzanja lizolowere. Amalonda anaona msanga kuti pamenepa pali msika.

Tisawanamizire amalondawa, chifukwa zina zimene anabweretsa zinathandizadi. Chitsulo cholimba cha HSS sichibuntha msanga ngati chakale, ndipo sichifewa chikatentha ponola. Chosemera mbale chakuya chotchedwa Superflute, chimene Roy Child anakonza n'kupangidwa ndi kampani ya Henry Taylor m'zaka za m'ma 1970, chinapeputsa ntchito ya mbale kotheratu. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kampani ya Teknatool ya ku New Zealand inatulutsa chuck ya Nova, chopanira cha nsagwada zinayi zoyendera limodzi, ndipo lero n'kovuta kupeza wosema mbale wa m'makalabu aja amene alibe chopanira chamtundu umenewu. Izi sizigona m'dilowa.

Zogona m'dilowa ndi zija zimene chilichonse chimagwira kantchito kamodzi kokha. Pali katchizulo kopangira mphete yolendewera pamwendo wa chikho, mphete yoti singavulidwe. Munthu amapanga ziwiri, kuonetsa mkazi wake ndi anzake a kukalabu, basi chidwi chatha. Pali chitsulo chokhala ndi kagudumu ka mano kojambulira mizere yopota, ndi china chimene chimanjenjemera dala kuti chisiye timabala tokongoletsa pachivindikiro. Pali chipangizo chosemera mpira wobulungira bwino, ngati kuti munthu amafuna mipira yamtengo tsiku lililonse. Pali mbale zazikulu zachitsulo zokhala ndi timabatani tarabala zogwirira mbale chozondotsa pofuna kusalaza kunsi kwake, pamene amisiri akale ankangosema chidutswa cha thabwa lotsala kuti mbaleyo ilowepo mothina, ntchito ya mphindi zisanu yosalira tambala. Ena amagula pampu yokoka mpweya kuti igwire mbale yomweyo. Ofuna kukumba mitsuko yakukamwa kung'ono amagula chimango chachitsulo chokhala ndi kuwala kwa laser, ena kamera ndi sikirini, zoti ziwauze pamene nsonga yafika m'katimo. Kuchimanga pamakina kumatenga nthawi yaitali kuposa kusema kamtsuko kenikeniko, choncho chimatsamira kukhoma.

Ndikayang'ana mndandanda umenewu ndimaona chinthu chimodzi chobisala kuseri kwa zambiri mwa izo, ndicho mantha. Aliyense amene anagwirapo tchizulo pamtengo wozungulira amadziwa mphindi ija pamene mano alowa molakwika. Kumamveka phokoso, tchizulo chimadumpha m'manja, ndipo ntchito ya maola awiri yang'ambika mzere wakuya. Skew ndiye katswiri pa zimenezi, moti m'mashedi ambiri imathera potsekulira zitini za vanishi. Komatu ikazolowereka, palibe chida chimene chimasalaza mwendo wa tebulo kuposa iyo, mpaka sandipepa kukhala wosafunika kwenikweni. Chinsinsi chake sichigulitsidwa m'sitolo: msana wa mano uyambe wakhudza mtengo, kenako n'kukweza mpini pang'onopang'ono mpaka mano ayambe kudya. Kuti dzanja lichite zimenezi losaganiza, pamafunika kuwononga mulu wa nkhuni. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamalonda amangoti: nachi chida chimene sichidumpha.

Ndi mmene matchizulo a nsonga za carbide, monga a kampani ya Easy Wood Tools ya ku Kentucky, anafalira. Salira kunola, nsonga ikabuntha mumaimasula n'kuitembenuza, ikatha mumagula ina. Amathandizadi munthu wa manja onjenjemera kapena wosema zinthu zouma kwambiri. Koma ambiri mwa iwo amapala m'malo modula, ndiye pamtengo wofewa amazula ulusi wa thabwa, n'kusiya timaenje timene mmisiri amalimbana nato ndi sandipepa fumbi lili koboo. Amene wapitiriza lusoli nthawi zambiri amabwerera ku matchizulo akale aja, a carbide n'kulowa m'dilowa.

Zionetsero nazo zimakolezera. Pamisonkhano ya amisiri ndi pa YouTube, munthu amene wasema zaka 30 amagwira chida chatsopano, zopala zikuuluka ngati maliboni, oonera pakamwa yasa. Chimene akuonacho ndi dzanja la zaka 30, koma chimene angagule n'kupita nacho kunyumba ndi chitsulocho. Akakachiyesa n'kukanika, saganiza kuti vuto ndi dzanja. Amaganiza kuti pali kachipangizo kena kothandizira kamene sanagule.

Pa kunola pokha m'pamene ndimawamvera chisoni ogula. Tchizulo cha pa lathe chimadutsa mtunda wautali wa thabwa pa mphindi zochepa, choncho chimabuntha msanga kuposa cha kalipentala wa pabenchi, ndipo kunola chokumba ndi manja okha n'kovuta. Chogwirizira chimodzi chonolera, monga Wolverine ya kampani ya Oneway ya ku Canada, ndi ndalama yopita pabwino. Chodabwitsa n'chakuti m'shedi imodzi mumapeza njira zitatu kapena zinayi zonolera: mwala wouma, mwala wa m'madzi wa Tormek, lamba wa sandipepa, ndi timatupa ta dayamondi, koma matchizulo ali obuntha.

David Ellsworth wa ku America, amene anatchukitsa mitsuko yopyapyala yakukamwa kung'ono m'zaka za m'ma 1970, sanapeze zida zake m'sitolo. Ankatenga zitsulo wamba, kuzitentha n'kuzipinda yekha kuti zifike m'kona za m'kati mwa mtsuko, makulidwe ake n'kumawayeza ndi kawaya kopinda ndiponso khutu. Lero kampani ya Crown ya ku Sheffield imagulitsa matchizulo olembedwa dzina lake, ndipo anthu amawagula ndi chiyembekezo chakuti mitsuko yawo ifanana ndi yake.

Mmisiri wa ku Mchesi kapena ku Ndirande angamumvetse Ellsworth wachinyamatayo kuposa mmene angamvetsere makasitomala ake. Lathe zambiri za m'misika mwathu ndi zowotcherera konkuno: njanji ziwiri za zitsulo zotsala, mabering'i a galimoto, lamba, ndi mota yochotsedwa kumakina ena amene anafa. Tchizulo ndi tupa yakale yonoledwa kunsonga, kapena chidutswa cha sipuling'i ya galimoto chosulidwa pamakala. Kumene kulibe magetsi mupezabe mnyamata akukoka chingwe kapena kupukusa gudumu, mkulu wake akusema phingo, monga momwe zilili pakhoma la Petosiris. Pano palibe chida chogona, chifukwa chikangokhala mwezi osagwira ntchito chimasulidwa kukhala china kapena kugulitsidwa. Sindikunena kuti umphawi ndi mphunzitsi wabwino. Tupa ndi chitsulo chophweka kuthyoka, ndipo ikaduka pamtengo wothamanga imavulaza. Ambiri amasema opanda chotchinga kumaso kapena kumphuno, pamene fumbi la mitengo yolimba ngati phingo limapweteka chifuwa ndi khungu. Pa zida zonse zodzaza m'mashedi a ku England, chimene mmisiri wathu akuchisowa kwambiri ndi chotsika mtengo koposa, chija chovala kumaso.

Nafenso tili nazo zida zosalawa thabwa, kungoti zathu n'zazikulu. Ndi makina amphatso kapena ogulidwa ndi ndalama za pulojekiti, ofundidwa lona pakona ya chipinda chophunzirira. Ena amafuna magetsi a three-phase pamalo pamene pali waya wa m'nyumba wamba. Ena anachokera ku America, kumene magetsi a m'nyumba ndi mavolti 120, pamene athu ndi 230. Ena analephera chifukwa cha lamba mmodzi kapena kachipangizo ka magetsi kosinthira liwiro, kamene kakapsa palibe wokakonza pafupi. Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo m'mashopu ambiri puleni yamanja ndi sowo ndi zimene zinkagwira ntchito masana, makina akudikira magetsi a pakati pa usiku. Onjezanipo madrilo a batire amene abale amatitumizira kuchokera ku Johannesburg kapena ku London: batire ikafa, yatsopano yamtundu womwewo siipezeka, kapena mtengo wake ukuposa drilo.

Amene ali ndi lathe yogula ndipo akufuna kuitanitsa chuck kwa m'bale wakunja ayambe wayeza mazinga a pamutu wa makina ake. Makina ambiri atsopano a ku Ulaya ali ndi mazinga a M33, ang'onoang'ono ambiri a ku America ndi ku China ali ndi a inchi imodzi okhala ndi mizere 8 pa inchi, ndipo akale ena a ku Britain, monga a Record, ali ndi a magawo atatu mwa anayi a inchi okhala ndi mizere 16. Chuck ya mazinga ena siilowa pa ena popanda kachitsulo kolumikizira, kamene kamagulitsidwa padera, ndipo pa lathe yowotcherera ku Mchesi pamafunika kupita kwa wosema zitsulo kuti akadule mazingawo.