Mau Anayi, Nyimbo Imodzi

Munthu woyenda m'midzi ya patsinde pa phiri la Michesi, m'boma la Phalombe, madzulo a Loŵeruka, sapita patali asanamve mau a kwaya. Anyamata ndi atsikana aŵeruka kumunda, asamba, ndipo asonkhana m'tchalitchi kukonzekera nyimbo za Lamulungu. M'matchalitchi ambiri mulibe limba. Woimbitsa amangong'ung'udza liu limodzi, ndipo pa liu limenelo pamabadwa mau anayi: sopulano, alito, tenala ndi besi. Wina akasokera, onse amaima nayambanso. Anthu akutali amalidziŵa phirili chifukwa cha napolo wa mu 1991, koma ndi oŵerengeka amene amadziŵa kuti patsinde pake pali sukulu ya zoimba yopanda dzina, yopanda chikwangwani ndiponso yosalipiritsa.

Komabe makolo ambiri, akaona mwana akuchedwa ku kwaya, amafunsa kuti, "Kodi nyimbo amadya? Kuimbaku kudzakufikitsa kuti?" Funsoli nlachilungamo, pakuti palibe kholo lofuna kuti mwana wake adzagone ndi njala. Mwezi uno tiyesa kuliyankha poyang'ana miyoyo ya oimba ena otchuka, akale ndi amakono, kuti tione kumene adayambira ndi chimene chidaŵakweza.

Nyimbo za m'chipinda

Ku Ulaya kuli mtundu wa nyimbo umene Angerezi amautcha chamber music, ndiye kuti nyimbo za m'chipinda. Zidatchedwa choncho chifukwa poyamba zinkaimbidwa m'nyumba, pakati pa abale ndi abwenzi, osati m'mabwalo aakulu. Oimba ake amakhala oŵerengeka, aŵiri, atatu, anayi kapena asanu, ndipo aliyense amakhala ndi mbali yakeyake imene palibe wina womuimbira. Gulu lodziŵika koposa ndi la anthu anayi a zoimbira za nsambo zokwecha ndi kauta, monga momwe timakwechera kaligo. Pamakhala mavayolini aŵiri, viyola imene mau ake ngokulirapo, ndi chelo imene imalira pansi ngati besi. Woŵerenga waona kale kuti ameneŵa ndi mau anayi omwe aja a kwaya yathu, kungoti atuluka m'matabwa ndi m'nsambo.

Chodabwitsa nchakuti gulu lotere lilibe woimbitsa woima kutsogolo ndi kamtengo. Anayiwo amayamba pamodzi pongomva kupuma kwa mnzao, ndipo amachepetsa kapena kukweza mau pongoyang'anana. Amene adaonapo anthu aŵiri akuimba mangolongondo, wina uku wina uko, kamtengo ka mmodzi kakugwa m'mipata imene mnzake wasiya, akudziŵa kale chinsinsi chake. Wothamanga yekha amaononga nyimbo, ngakhale akhale katswiri.

Munthu amene amatchedwa tate wa nyimbo za anthu anayizi ndi Joseph Haydn, amene adabadwa mu 1732 m'mudzi waung'ono wa Rohrau, m'dziko la Austria. Bambo wake anali mmisiri wopanga magudumu a ngolo, wosadziŵa kuŵerenga zizindikiro za nyimbo, koma wokonda kuimba ndi banja lake madzulo. Ali ndi zaka pafupifupi 8, Haydn adatengedwa kukaimba m'kwaya ya tchalitchi chachikulu cha St Stephen mumzinda wa Vienna. Mau ake atasintha pa unyamata, adamchotsa, ndipo adakhala zaka zingapo mu umphaŵi, akuphunzitsa ana ndi kuimba m'miseu. Koma zimene adaphunzira m'kwaya sizidamchoke. Pomwalira mu 1809 anali atapeka nyimbo za anthu anayi zoposa 60, zimene zikuimbidwabe mpaka lero.

Haydn anali wamkulu ndi zaka 24 kwa Wolfgang Amadeus Mozart, ndipo akadafuna akadamchitira nsanje mnyamatayo. M'malo mwake adakhala mabwenzi. Woimba wina wa ku Ireland, Michael Kelly, adasimba za usiku wina ku Vienna, cha m'ma 1784, pamene Haydn ndi Dittersdorf adaimba mavayolini, Mozart viyola, ndi Vanhal chelo. Onse anayi anali opeka nyimbo otchuka, koma adakhala pansi m'chipinda chimodzi namverana. Mu 1785 Mozart adasindikiza nyimbo zisanu ndi imodzi za mtundu umenewu nazipereka kwa Haydn monga mphatso ya ulemu. Chaka chomwecho Haydn adauza bambo wa Mozart pamaso kuti mwana waoyo ndiye wopeka nyimbo woposa onse amene iye ankaŵadziŵa. Ndi akulu angati pakati pathu amene angapite kwa kholo kukayamikira mwana amene akuŵaposa?

Mlendo wa ku Vienna ku Chileka

Wina anganene kuti izi nza Azungu okha. Koma mzinda womwewo wa Vienna udatumiza mwana wake kudzaphunzira kuno. Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik, adakumana ndi anyamata aŵiri apachibale akuimba m'miseu ya Blantyre. Anali Daniel ndi Donald Kachamba, a m'mudzi mwa Singano kufupi ndi Chileka. Ankaimba kwela, chamba chimene chidabwera kuno kuchokera ku South Africa. Zida zao zinali gitala, chitoliro chachitsulo, besi ya nsambo imodzi yomangirira pa bokosi, ndi chisekese.

Kubik sadangojambula nyimbozo nkubwerera kwao. Adakhala nao zaka zambiri, mpaka adaloŵa m'gulu la Donald ngati mmodzi wa oimba, akuliza chitoliro chachizungu chotchedwa clarinet, ndipo adayenda limodzi m'maiko ambiri. Daniel adamwalira mu 1987. Donald adafika pophunzitsa nyimbo zake ku yunivesite ya California mumzinda wa Los Angeles asanamwalire mu 2001. Nyimbo za a Kachamba sizinali za Haydn, koma lamulo lake linali lomwelo: anthu oŵerengeka, aliyense ndi mbali yake, popanda woimbitsa.

Njira ziŵirizi zidakumana ku Soweto. Kumeneko abale atatu a banja la Khemese, Sandile, Reuben ndi Thami, pamodzi ndi mnzao Makhosini Mnguni, adapanga gulu la Soweto String Quartet. Adagwiritsa ntchito zoimbira zinayi zomwe zija za ku Vienna, koma adaikamo kwela ndi nyimbo zina za kwao, ndipo chimbale chao cha mu 1994, Zebra Crossing, chidaŵatchukitsa kutali.

Chisudzo choimba

Mtundu wina wa nyimbo ndi opera, imene idayambira ku Italy cha m'ma 1600. Opera ndi chisudzo, koma m'malo molankhula, ochita seŵero amaimba mau ao. Woimba amayenera kumveka m'nyumba ya anthu zikwi popanda chokuzira mau, pamwamba pa gulu lalikulu la zoimbira. Nchifukwa chake amaphunzira zaka zambiri kupuma bwino ndi kusamala pakhosi, ndiponso amaphunzira Chitaliyana, Chifalansa ndi Chijeremani. Oonerera amaombera m'manja munthu mmodzi, koma kumbuyo kwake kuli woimbitsa, kwaya, oimba zida, osoka zovala ndi amisiri a nsanja. Mutu umodzi susenza denga.

Mmodzi wa oimba opera otchuka a nthaŵi yathu ndi Pretty Yende, amene adabadwa mu 1985 m'tauni yaing'ono ya Piet Retief ku South Africa. Iye amasimba kuti kuimba adakuphunzira kunyumba ndi kutchalitchi, makamaka kwa agogo ake aakazi. Ali ndi zaka 16 adamva pa televizhoni, m'kanema wotsatsa malonda a ndege, mau a akazi aŵiri akuimba molukana. Inali nyimbo ya mu opera yotchedwa Lakmé, yopekedwa ndi Léo Delibes wa ku France. Taonani kuti chimene chidamgwira mtima sanali mau a munthu mmodzi, koma aŵiri omverana. Adafunsa kusukulu kuti chimenechi nchiyani, ndipo atauzidwa kuti munthu angathe kuchiphunzira, adatsimikiza mtima.

Adakaphunzira ku yunivesite ya Cape Town, kenaka ku sukulu ya nyumba yotchuka ya opera ya La Scala ku Milan. Mu 2011 adapambana mpikisano wa dziko lonse wa Operalia. Mu Januwale 2013 adaitanidwa mwadzidzidzi ku Metropolitan Opera ku New York kukatenga mbali ya woimba wina amene adalephereka, mu opera ya Rossini yotchedwa Le comte Ory, moyang'anizana ndi katswiri wa ku Peru, Juan Diego Flórez. Usiku woyamba, asanatulutse liu ndi limodzi lomwe, adapunthwa nagwa pansi anthu onse akuona. Adadzuka, naimba mpaka kumapeto, ndipo nyumba yonse idamuombera m'manja. Patapita zaka khumi, pa 6 Meyi 2023, mwana wa kwaya ya kutchalitchi uja adaimba m'tchalitchi cha Westminster Abbey pa mwambo wolonga ufumu Mfumu Charles III.

Nanga ife?

Mbeu yomweyi idafesedwa kuno kalekale. Amishoni a ku Scotland, amene adakhazikitsa mishoni ya Blantyre mu 1876, adabweretsa m'sukulu ndi m'matchalitchi njira yoŵerengera nyimbo ya solfa, imene mbusa wachingerezi John Curwen adaifalitsa potsata ntchito ya mai Sarah Glover. Njirayi idagwa pa nthaka yachonde, pakuti makolo athu ankaimba kale molandizana pa mtondo, pa dima ndi pa bwalo la tchopa. Pamene dziko lino linkalandira ufulu mu 1964, nyimbo ya fuko sidachokere kunja. Adaipeka ndi Mmalaŵi, Michael Sauka, mau ndi maimbidwe omwe.

Chodetsa nkhaŵa nchakuti chuma chimenechi tikuchitaya ndi manja athu. Makwaya ambiri akangogula kiyibodi ndi zokuzira mau, amasiya solfa. Makina amaliza ng'oma okha, mmodzi amakuwa pa maikolofoni, ndipo alito ndi tenala sizimvekanso. Chida sichilakwa, ndipo Haydn yemwe ankaimba limba. Cholakwa nchakuti phokoso likachuluka, ana amaleka kumverana, ndipo luso limene lidatenga mibadwo kuti likhwime lingathe kutha m'zaka zoŵerengeka.

Tsono kwa oimbitsa tikuti, patulani nthaŵi sabata iliyonse yoimba popanda chida chilichonse. Nthaŵi zina sankhani anayi okha, mmodzi pa liu lililonse, aimbe pamaso pa anzao, pakuti pamenepo palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. Kwa akulu a mpingo tikuti, pafupifupi mumpingo uliwonse muli nkhalamba yodziŵa solfa. Ipempheni iphunzitse ana isanapite nayo kumanda. Kwa achinyamata tikuti, kwaya isakulepheretseni sukulu, pakuti Yende adafunika mayeso ndi zilankhulo kuti afike kumene adafika. Zoimba amaphunzitsa ku Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba, imene kale tinkaitcha Chancellor College, ndipo khomo lake ndi mayeso a Fomu 4.

Kwa makolo sitikulonjeza kuti mwana aliyense wa kwaya adzafika ku Milan kapena ku New York. Ofika kumeneko ndi oŵerengeka, ndipo njira yake njaminga. Koma mwana amene waphunzira kugwira alito yake pamene mnzake wa pambali akuimba zosiyana, waphunzira kuima pa chake popanda kupondereza cha mnzake. Waphunzira kudikira nthaŵi yake, kuvomera akalakwa ndi kuyambanso. Zimenezi zidzamthandiza m'banja, pa ntchito ndi pa bwalo la milandu, ngakhale atadzakhala mlimi wa nandolo moyo wake wonse.

M'mera mpoyamba. Mmisiri wa magudumu wa ku Rohrau ndi gogo wa ku Piet Retief sankadziŵa kumene nyimbo zao zamadzulo zidzafike. Iwo ankangoimba ndi ana ao. Loŵeruka likudzali, mwana akachedwa ku kwaya, musafulumire kumkalipira. Mufunseni kuti amaimba liu liti, ndipo mukatha kudya nsima, mumuuze ayambitse nyimbo. Mai agwire alito, bambo besi.